Lamulo ili limaluma osauka okha

Achinyamata anzanga, pali nkhani ina imene timaithawa, koma atsikana anzathu akufa nayo.

Ku Ireland kuchotsa mimba kunali koletsedwa mpaka 2018. Amayi sanasiye ayi, ankangowoloka nyanja kupita ku England. Wopanda ndalama ndiye ankaona zakuda. N'chifukwa chake mu 2009 ku London kunayamba bungwe la Abortion Support Network, losonkhetsa ndalama za thiransipoti ndi zolipira kuchipatala, n'kumawapezeranso amayiwo pogona. Mu May 2018 anthu a ku Ireland anavota, chiletso chija chinachoka.

Nanga kwathu kuno? Penal Code imalola pokhapokha moyo wa mayi uli pachiswe. Komatu kafukufuku wa Guttmacher ndi College of Medicine anapeza kuti mu 2015 mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'Malawi muno. Mwana wa bwana amakwera ndege wa ku Johannesburg, kumene lamulo limalola, n'kubwerako bwinobwino. Mtsikana wa ku Ndirande kapena Mtandire amathera kwa sing'anga, ena amadzibaya ndi kamtengo ka chinangwa, n'kufika kuchipatala akutaya magazi.

Ndiye musawaweruze anthu osonkha ndalama zoti mayi akafike kwa dokotala weniweni. Akupulumutsa moyo. Koma zopereka sizingafikire aliyense. Chofunika n'kusintha lamulo. Mu March 2021 aphungu anakana ngakhale kungokambirana bilu ya Termination of Pregnancy.

Mufunseni phungu wa kwanu: akanakhala mwana wake, akanatani? Tumizani uthengawu kumagulupu onse.