Tayala siligulidwa ndi maso

Loweruka m'mawa yendani ku Kabulonga kapena ku Woodlands muone ma Land Cruiser ndi ma Hilux okonzekera ulendo: tenti padenga, firiji kumbuyo, thanki ya madzi, mabatire awiri. Pansi pake pali matayala a mano akuluakulu ngati a thirakita. Mwini wake akati, "Awa ndi a m'thengo, mudala," tonse timagwedeza mutu. Manje tifunse: thengo lake liti?

Kuchoka mu Lusaka, kudutsa Chelstone ndi Chongwe, kuwoloka mlatho wa Luangwa mpaka ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo monse ndi tala. Kuchoka ku Chipata kupita ku Mfuwe ndi talanso. Ku Livingstone ndi ku Siavonga chimodzimodzi. Motoka imaponda fumbi pamapeto chabe, polowa pa kampu. Tikugula tayala la matope chifukwa cha kamtunda kochepako, ulendo wonse wotsala n'kumalipira. Pa tala tayala la matope limalira, limamwetsa mafuta, mano ake amadyeka msanga ndiponso mosalingana, ndipo mvula ikagwa motoka imachedwa kuima. Linapangidwira matope, silinalakwe. Olakwa ndife, ogula chithunzi cha pa Instagram.

Koma tisaseke a ku Kabulonga okha. Ife a ku Kabwata ndi ku Chelstone tili ndi matenda athu: matayala a salaula. Timapita kwa anyamata a m'mbali mwa msewu, n'kupisa chala m'mizere ya tayala, n'kunena kuti likali ndi nyama. Taliika pa Canter, takweza katundu ndi abale opita ku maliro ku Petauke. Mizere imaonetsa kunja chabe. Sinena kuti tayala linagunda maenje angati, linayenda lophwa kangati, linakhala padzuwa zaka zingati. Labala imakalamba ngakhale tayala lisakuyenda.

Chomvetsa chisoni n'chakuti tayala limanena lokha zonse, ife sitiwerenga. M'mbali mwake muli manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT. Mukaona 2319, linapangidwa m'sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Makampani opanga matayala monga Michelin amalangiza kuti likapitirira zaka zisanu liziyang'aniridwa chaka ndi chaka, ndipo likafika zaka khumi lichotsedwe, ngakhale lioneke labwino.

Palinso nambala ya katundu, load index, imene imalembedwa pambuyo pa saizi. Nambala 112 itanthauza makilogalamu 1,120 pa tayala limodzi. 121 itanthauza 1,450. Pa matayala awiri a kumbuyo kusiyana kwake ndi makilogalamu 660. Kumbukirani kuti malita 100 a madzi okha ndi makilogalamu 100, tisanawerenge tenti, mafuta a m'zigubu ndi anthu. Motoka yolemera ifuna tayala lolembedwa LT kapena C, lopangidwira katundu. Pa ulendo wa tala sankhani la mizere ya msewu, kapena la all-terrain la mano ang'onoang'ono ngati mumalowadi m'fumbi nthawi zina.

Chopha tayala ndi kutentha. Likalemedwa kapena likachepa mpweya, m'mbali mwake mumapindika nthawi iliyonse likazungulira, n'kumatentha m'kati mpaka labala kulekana ndi mawaya. Onjezani dzuwa la Okutobala, liwiro, ndi makona a pa Manenekela. Tayala likaphulika pamenepo, silifunsa ngati munaligula ku shopu yoziziritsa kapena pansi pa mtengo. N'chifukwa chake mpweya timapima m'mawa tayala likali lozizira, ndi geji, osati kuliponda ndi nsapato. Ndipo a Canter, matayala awiri oyandikana a kumbuyo akhale ofanana: limodzi likakhala lalitali, limasenza katundu wa mnzake mpaka kuphulika.

Tikudziwa yankho: "Ndalama zavuta." Zoona, tayala latsopano la katundu ndi lodula, ndipo sitikunyoza munthu wopeza zochepa. Koma werengani bwino. La salaula mukaligula katatu, mwalipira kale latsopano, osawerengera bulekidauni yokukokani kuchokera ku Rufunsa usiku. Ndipo munthu wokwanitsa tenti ya padenga ndi magetsi asanu ndi limodzi a kutsogolo asatiuze kuti ndalama zathera pa tayala.

Tisadikire a RTSA kuti atiimitse. Iwo sadzakhala nafe potsetsereka ku Luangwa. Tisanalipire, tigwade pansi, tipukute fumbi m'mbali mwa tayala, tiwerenge chaka ndi nambala ya katundu. Wogulitsa akayamba kukwiya chifukwa tawerenga, tinyamuke tipite kwina.