CIGAMBA CINAPEZEKA, OSOKA NDIWO ANACEDWA

Pamene munthu atumiza ndalama pa intaneti kapena kulembera m'bale wake wa ku Lusaka pa lamya yamakono, mau ake sayenda poyera. Makina amayamba awasokoneza kuti wowatola panjira asamvepo kanthu, ndipo wowalandira yekha ndiye ali ndi mfungulo yowamasulira. Nchito yobisa mau imeneyi siilembedwa mwatsopano ndi kampani iliyonse ai. Pali mitolo ya malangizo a kompyuta yolembedwa kale, imene imabwera pamodzi ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina, monga Linux kapena Android. Umodzi wa mitolo yochuka kwambiri ndi OpenSSL. Mtolo wotere ukabooka, makina onse oudalira abooka nao tsiku limodzi.

Izi zinaoneka pa 7 April 2014, pamene kunalengezedwa cibowo cimene anacicha Heartbleed. Anacipeza ndi katswiri wa ku Google ndi akatswiri ena a kampani ya Codenomicon ya ku Finland. Cinali citalowa m'malangizowo mu December 2011 ndi kufalikira kuyambira mu March 2012, kotero cinakhala zaka ziwiri cisanaululidwe.

Magwero ake anali aang'ono zedi. Makina awiri akamalankhulana, amodzi amatumiza liu lalifupi pamodzi ndi ciwerengero ca malembo ake, ndipo enawo amabweza liu lomwelo kusonyeza kuti akali maso. Colakwa cinali cakuti makina obwezawo sanali kuwerenga okha malembo aja. Anali kungokhulupirira ciwerengero cimene auzidwa. Wakuba akatumiza liu la malembo asanu nanama kuti ndi zikwi zambiri, makina anali kudzaza malo otsalawo ndi ziliconse zimene anali kusunga panthawiyo, kufikira malembo oposa 64,000 ulendo umodzi. M'menemo munali kupezeka maina a anthu, mau acinsinsi olowera, ngakhale mfungulo zeni-zeni. Wakubayo anali kutha kubwereza kambiri-mbiri osasiya phazi.

Cigamba sicinacedwe. Tsiku lomwelo kunaturuka OpenSSL 1.0.1g yotseka cibowoco, ndipo pasanathe masiku awiri oyang'anira Debian, Ubuntu ndi Red Hat, imene ili mitundu ya Linux, anali atapereka zigamba zao. Komabe akuba anathamanga koposa ena. Ku Canada, ofesi ya boma yokhometsa msonkho inabedwa manambala a anthu pafupi-fupi 900, inatseka nchito zake za pa intaneti kwa masiku angapo, ndipo tsiku lomalizira kupereka mapepala a msonkho linasunthidwa kucoka pa 30 April kufika pa 5 May.

Awo angakhululukidwe, pakuti moto unawapeza m'masiku oyamba. Nanga otsalawo? Mu January 2017, patapita zaka pafupi-fupi zitatu, kafukufuku wa Shodan anapeza makina pafupi-fupi 200,000 m'maiko osiyana-siyana akali ndi cibowo comweco. Apa ndiye pagona mlandu. Kulakwitsa polemba malangizo ndi kwa umunthu, maka-maka pokumbukira kuti panthawiyo OpenSSL inali m'manja mwa anthu ocepa, ambiri a iwo odzipereka, olandira zopereka za madola pafupi-fupi 2,000 pa caka, pamene makampani olemera anali kudya thukuta lao osalipira. Manyazi anawagwira, nayamba kusonkha ndalama kupyolera m'bungwe la Linux Foundation m'mwezi womwewo. Koma kusiya cigamba caulere pambali kwa zaka zitatu si ngozi. Ndi ulesi, ndipo amene amalipira ulesiwo ndi munthu wamba amene dzina lake lili m'makinamo.

Ndiponso kusoka cigamba kokha sikumaliza nchito. Mwini nkhokwe akazindikira kuti mbala inali ndi mpata wotenga mfungulo yake, sakhutira ndi kumata cibowo. Amagula loko wina. Cimodzi-modzi, woyang'anira makina anayenera kuika cigamba, kuyambitsanso mapulogalamu kuti aleke kugwiritsa nchito mtolo wakale, kutaya mfungulo zakale ndi kupanga zatsopano, ndipo pomalizira pake kuuza anthu kuti asinthe mau ao acinsinsi. Wosintha mau acinsinsi cibowo cisanatsekedwe anali kungopatsa wakuba mau atsopanowo. Ambiri anacita mbali yoyamba yokha napita kukagona.

Nkhaniyi siili kutali ndi mudzi. Lamya za Android 4.1.1 zinali ndi cibowo cimeneci, ndipo cigamba ca Google cinayenera kudzera kwa opanga lamya cisanafike kwa mwini wake. Opangawo amaleka kusamalira lamya ikakalamba, cikhalireco lamya zakale ndi zochipa ndizo zimathera m'manja mwa alimi a ku Katete, Petauke ndi Lundazi. Wogula ali ndi cifukwa cabwino cofunsira wogulitsa ngati lamyayo ikali kulandira zigamba. Ndipo lamya ikapempha kuti ikonzedwe, kuikana cifukwa coumira mabando kungaoneke ngati nzeru lero, koma ndalama ya fetereza imadzera m'lamya momwemo.

Katundu wolemera ali pa mabanki, zipatala, makampani a lamya ndi maofesi a boma amene amasunga maina ndi manambala a marejisita a anthu. Lamulo la Data Protection Act la 2021 linawapatsa udindo wochinjiriza zimenezi. Mlimi alibe njira yosuzumira m'makina ao kuti aone ngati asokedwa. Ayenera kufunsidwa ndi oyang'anira lamulo, ndipo ayankhe ndi masiku: cigamba cinaturuka liti, ndipo iwo anaciika liti.