Mwana kutha msinkhu msanga si uhule, ndiponso si chilolezo cha banja

Amayi, agogo, anankungwi ndi inu amalume eni mbumba kuno ku Mulanje, lero tikambirane za ana athu aakazi. Mtsikana wa zaka 10 akayamba kumera mabere, timamva anthu akuti, "Wayamba amuna ameneyu." Akagwa pansi ali Sitandade 5, ena amati wakula, akasase fumbi, apeze banja. Zonsezi ndi bodza, ndipo bodzali likutiwonongera ana.

Kutha msinkhu kumayambira m'mutu. Pansi pa ubongo pali kachigawo kotchedwa hypothalamus. Nthawi ikakwana, kamayamba kutulutsa homoni ya GnRH pang'onopang'ono, makamaka usiku mwana ali mtulo. Homoniyi imadzutsa kachiwalo kena kochepa ngati nsawawa, kotchedwa pituitary, ndipo iko kamatumiza mahomoni awiri, LH ndi FSH, kudzera m'magazi. Akafika ku timatumba ta mazira, mtsikana amayamba kumera mabere, ndipo pakapita zaka ziwiri kapena zitatu amayamba kusamba. Kwa mnyamata amafika ku mavalo, mawu nayamba kukula. Mwaona? Pa ulendo wonsewu palibe pamene pakufunika mwamuna.

Nanga n'chifukwa chiyani wina amayamba msanga, wina mochedwa? Mbali yaikulu ndi yakumtundu. Mayi amene anatha msinkhu msanga, kawirikawiri mwana wake amateronso. Abambonso musathawe. Mu 2013 akatswiri anapeza kuti m'chibadwa chathu muli kanthu kotchedwa MKRN3 kamene kamagwira ntchito ngati buleki ya njinga, kuti ubongo usayambe msanga. Bulekiyi ikakhala yofooka mwana amatha msinkhu adakali wamng'ono, ndipo vutoli amalitengera kwa bambo ake. Chakudya nachonso chimathandizira: wonenepa amafulumira, wonyentchera amachedwa. Ndiye mukamukwapula mwana chifukwa cha mabere, mukumukwapulira zimene munamupatsa nokha.

Ndikudziwa ena muti, "Anamwino inu mukufuna kutithera mwambo." Ayi. Chinamwali chimene chimaphunzitsa mwana ulemu, ukhondo ndi kudzisamalira akakhala kumwezi n'chabwino, chipitirire. Chimene ndikukana ndi kumuuza mwana kuti akapanda kusasa fumbi khungu lituwa kapena adwala. Khungu limatuwa ndi fumbi lenileni, kusowa mafuta odzola kapena kusowa zakudya. Palibe mtsikana amadwala chifukwa sanagone ndi mwamuna. Koma amene wagona ndi mwamuna angatenge HIV, chindoko, kachilombo ka HPV koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, ndi mimba.

Mimba imeneyo ndi imene ife timaiona m'chipinda chochilira. Msambo umabwera mafupa a m'chiuno asanamalize kukula. Mwana wa zaka 13 angathe kuima, koma njira yotulukira khanda imakhala idakali yopapatiza. Khanda likakakamira, mapeto ake ndi opareshoni, fistula imene mkodzo umangodzitulukira usana ndi usiku, kapena maliro awiri. Mwamuna uja pamenepo amakhala atathawa kale.

Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 a zaka 20 mpaka 24 m'Malawi muno, 42 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18, ndipo mwa atsikana 100 a zaka 15 mpaka 19, 29 anali atabereka kale kapena ali oyembekezera. Amenewa ndi ana athu, a m'midzi mwathu momwemuno. Lamulo nalo linalankhula: kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale makolo atavomera.

Tsono zoyenera kuchita ndi izi. Mtsikana kuyamba kusintha pakati pa zaka 8 ndi 13, mnyamata pakati pa 9 ndi 14, palibe chodetsa nkhawa. Khalani naye pansi, mufotokozereni, mupatseni nsalu zoyera kapena mapadi, mawa apite kusukulu. Koma mtsikana akamera mabere kapena kuona magazi asanafike zaka 8, mnyamata akasintha asanafike 9, kapena mtsikana akafika 15 osasamba, musathamangire zitsamba. Pitani naye kuchipatala chapafupi, adzakutumizani ku Mulanje District Hospital kapena ku Mulanje Mission ngati kuli kofunika. Funsaninso za katemera wa HPV, amene boma linayamba kupereka kwa atsikana mu 2019.

Ndipo mukamva kuti mwana wina akukakamizidwa kusasa fumbi kapena kulowa m'banja, musati si wanga. Kauzeni amfumu, apolisi, kapena imbani 116, ndi yaulere. Tumizani uthengawu kwa anankungwi a m'mudzi mwanu simba lisanatsegulidwe.