Uta Wamakolo Ukhale ndi Muyeso Umodzi

M'midzi yozungulira phiri la Chiradzulu mudakali akuluakulu owerengeka amene amadziwa kusema uta. Munthu akawafunsa kutalika kwa uta wabwino, wina amati mikono itatu, wina amati ufike pachibwano cha mwiniwake, winanso amati usapitirire mkwamba. Onsewa sanama, koma mayankho awo sangathandize mwana amene adzafune kusema uta iwo atatsikira kulichete. Mkono wa munthu wamtali sufanana ndi wa munthu wamfupi, ndipo mwini mkono akamwalira muyesowo umapita naye kumanda.

Vuto silithera pamenepo. Ngakhale amene amagwiritsa ntchito chingwe choyezera sagwirizana poyambira ndi pothera. Ena amayeza uta wokungakunga kuchokera kunsonga kufika kunsonga, ena amatsata kupindika kwa mtengo, pamene ena amangoyeza nsinga. Motero uta umodzi umatuluka ndi miyeso itatu. Wosema akatenga muyeso wa nsinga nauyesa wa mtengo, uta wake umafupika, ndipo uta waufupi ukakokedwa mopyola mphamvu zake umathyoka ndi kuvulaza mwiniwake.

Pali ena amene amanena kuti masentimita ndi achizungu, ndipo adzapha luso la makolo. Maganizo oterewa ndi osocheretsa. Palibe amene akulamula kuti mauta onse akhale ofanana kutalika. Mnyamata asemeredwe waufupi, bambo wamphamvu asemeredwe wautali, monga zinalili kale. Chofunika n'chakuti kayezedwe kakhale kamodzi: uta uyezedwe usanakungidwe, motsata mtengo, kuchokera pomangira nsinga pamwamba kufika pomangira pansi, ndipo chiwerengerocho chilembedwe pamodzi ndi dzina la mtengo ndi kutalika kwa muvi wake.

M'maiko ena adaiona kale nzeru imeneyi. Mauta a mpikisano amadziwika ndi miyeso monga mainchesi 66, 68 ndi 70, ndipo pa masewera a Olimpiki oponya onse amaima pamtunda wa mamita 70. Areneo David, Mmalawi amene adakaponya mivi ku Rio de Janeiro m'chaka cha 2016, adapikisana ndi anzake mwachilungamo chifukwa muyeso unali umodzi. Nanga ana asukulu a ku Namitambo ndi a ku Nguludi angapikisane bwanji ndi uta wamakolo popanda muyeso wogwirizana?

Dziko lino lakhala ndi bungwe loona za miyeso, la Malawi Bureau of Standards, kuyambira m'chaka cha 1972, ndiponso lili ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri. Mabungwe amenewa, pamodzi ndi mafumu ndi aphunzitsi, ayenera kukhala pansi ndi osema mauta, kuyeza mauta awo ndi kulemba zonse akuluakuluwo adakali moyo. Kuzengereza n'koopsa, pakuti muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso.