Jogalafe ya pa bolodi yatikwana

Kwa inu aphunzitsi aakulu, ndi inu makolo a mu komiti ya sukulu,

Ndife ana anu a Giredi 12 amene tinasankha jogalafe. Ena timachokera ku Kabwata, ena ku Chelstone, angapo ku Kanyama, ndipo m'mawa tonse timatsikira basi pa Longacres. Tang'ung'udza mokwanira kuseri kwa kalasi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye lero tatsekula.

Tiyambe ndi mapu. Pa mayeso timapatsidwa mapu a 1:50,000, pomwe masentimita 2 amaimira kilomita imodzi, ndipo tiyenera kusiyanitsa mtsinje, msewu ndi mizere yosonyeza kukwera kwa malo. Pa mapu enieni mtsinje ndi wabuluu, mizereyo ndi yofiirira. Ife tili ndi fotokope yakuda ndi yoyera, yokopedwa pa fotokope inzake, moti zonse zimangooneka ngati ulusi wopiringizika. Pepala limodzi timaweramirapo asanu. Wokhala mbali inayo amaona kumpoto kuli kumwera, ndipo akafunsa, belu lalira. Maphunziro aulere amene anayamba mu 2022 timawayamika, popeza ena mwa ife tikanakhala tikugulitsa masamba pamsika. Koma ana anachuluka, mapu ayi.

Chipangizo choyezera mvula tachijambula m'makope kangapo, mpaka kuchipaka utoto. Palibe amene anachigwirapo. Chonsecho ofesi ya zanyengo ili konkuno ku Longacres, ulendo wapansi, wosafuna ndi ngwee yomwe.

Chotiwawa kwambiri ndi ichi. Tinaloweza manotsi a miyala ya laimu, kuti madzi amaisungunula pang'onopang'ono n'kusiya ming'alu ndi mapanga pansi pa nthaka. Tinaloweza ngati nkhani ya kutsidya kwa nyanja, osadziwa kuti mbali yaikulu ya Lusaka yakhala pa mwala womwewo. Mnzathu wa ku Kanyama ndiye anatitsegula maso. Kwawo mvula ikalimba madzi sangochokera kumwamba, amatumphukanso pansi, ndipo chimbudzi chokumba ndi chitsime amamwerana kudzera m'ming'aluyo. Kolera itabuka mu Okutobala 2023, sukulu zinatsegulidwa pa 12 Febuluwale 2024 m'malo mwa 8 Januwale, odwala atagonekedwa ku National Heroes Stadium. Titabwerera, tinapitiriza manotsi pa tsamba lomwe tinasiyira. Palibe ananena kuti ana inu, tsamba ili ndi limene linatseketsa sukulu.

Chilala cha 2024 nachonso chimodzimodzi. Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi ngozi yogwera dziko, madzi ku Kariba anaphwera, malaiti ankazima maola oposa 20 patsiku. Ife tinkawerenga ubwino wa magetsi a madzi ndi tochi ya foni, batire ikutha.

Tsono pali pulojekiti, imene imawerengedwa pa mayeso. Amati mwana apite yekha kumalo, akaone, akafunse anthu, akayeze, kenako alembe. Zaka zitatu zino sitinatulukepo pageti ngati kalasi. Nthawi zonse yankho ndi lakuti basi ilibe mafuta. Ndiye tiulule, ngakhale n'zamanyazi: ambiri timatenga ya mchimwene wa chaka chatha n'kusintha dzina la msika. Amene makolo awo ali nako kangachepe amakalipira wolemba pa kompyuta. Tikunamiza oyesa, ndipo inu mukudziwa.

Aphunzitsi athu sitikuwaloza chala. Choko amagula okha nthawi zina, mawu awo amasasa pofika masana.

Sitikupempha ulendo wa ku Victoria Falls. Mutigulire mapu amitundu, ngakhale khumi okha, okutidwa ndi pulasitiki kuti akhalitse. Mutilembere kalata ku ofesi ya zanyengo, tidzayenda pansi. Mutipatse Loweruka limodzi tikaone ngalande ndi zitsime za ku Kanyama, ndalama ya basi tisonkha tokha. Silabasi yatsopano imene inayamba mu 2025 ikubweretsa Fomu 5 ndi Fomu 6, ndipo azing'ono athu adzafunsidwa zozama kuposa ife. Fotokope ija yang'ambika kale pakati, pomwe pamadutsa mtsinje.

Ife ana anu,
a kalasi ya jogalafe