Mowa wa anthu a m'maofesi ukupweteka alimi

Mlimi wa ku Tsangano, Macanga kapena Angónia akafuna BI, kalata ya kubadwa kwa mwana kapena DUAT ya munda wake, amalawirira mbandakucha kupita ku boma. Amalipira chapa kapena njinga yamoto, ndipo khasu limagona tsiku lonse.

Maofesi a boma ku Mozambique amatsegula 7:30 m'mawa n'kutseka 15:30. Nthawiyi ndi yochepa kale. Wogwira ntchito akafika mochedwa ndi matsire a dzulo, kapena akazemba masana kupita ku baraka, mlimi uja amauzidwa kuti abwerenso mawa. Mawalo ndi ndalama inanso ya ulendo, ndipo nyengo yopalira ndi tsiku linanso udzu ukukula m'chimanga. Dzina likalembedwa molakwika pa chikalata, kulikonza kumafuna maulendo enanso.

Si onse amene amamwa motere, ndipo omwe saledzera ndiwo amasenza ntchito ya anzawo. Koma zoyambitsa vutoli n'zodziwika. Ambiri amatumizidwa kutali ndi mabanja awo, kumalo kumene baraka ndiye pochezera pokha akaweruka. Malipiro akatuluka kumapeto a mwezi, mowa umayamba. Akatha msanga pamabwera ngongole, ndipo wangongole sachedwa kupempha "refresco" kwa munthu wofuna thandizo lomwe ndi ufulu wake.

Malamulo alipo. Lei do Trabalho imaika kuledzera pa ntchito m'gulu la milandu yolangidwa nayo, ndipo malamulo a ogwira ntchito m'boma amateronso. Chovuta n'chakuti mkulu wa ofesi amene amamwera limodzi ndi omutsatira sangawadzudzule m'mawa mwake. Mlimi nayenso amaopa kudandaula, poti chikalata chake chili m'manja mwa munthu yemweyo. Buku la madandaulo limafuna wodziwa kulemba Chipwitikizi, chomwe ambiri kumudzi salemba.

N'chifukwa chake mafumu ndi mamembala a conselho consultivo ayenera kutengera nkhaniyi kwa administrador, kuti mlimi asaime yekha. Akuluakulu a maofesi nawonso azionetsetsa nthawi yolowera ndi yotulukira, ndipo wogwira ntchito amene mowa wamugwira ukapolo atumizidwe ku chipatala asanachotsedwe ntchito. Kungomusamutsira ku boma lina n'kupatsira alimi a kumeneko vuto lomweli.