Pulogalamu ya imelo ikasintha, makalata anu ali kuti?

Pa December 31 2024 kampani ya Microsoft idasiya kusamalira pulogalamu ya Mail, ija inkabwera ili kale m'makompyuta a Windows 10 ndi 11. Onse amene ankaidalira adauzidwa kuti asamukire ku Outlook yatsopano.

Aka sikadali koyamba. Amene mudayamba kale mukukumbukira Outlook Express ya pa Windows XP. Mu 2007 kudabwera Windows Vista ndipo m'malo mwake mudalowa Windows Mail. Windows 7 idafika mu 2009 ilibiretu pulogalamu ya makalata, munthu unkachita kukatenga wekha Windows Live Mail pa intaneti. Nayonso adaitaya mu January 2017, anthu n'kukocheza pa Mail ija. Msamuko kanayi m'zaka zosakwana 20! Landilodi wotere pamsika pathu pano bwenzi atatchuka ndi mbiri yoipa.

Eni ake amati zonsezi n'zofuna kutiteteza kwa akuba. Penapake akunena zoona. Kuyambira pa September 16 2024, mapulogalamu akale amene ankalowa mu Hotmail ndi Outlook.com ndi dzina ndi pasiwedi basi adatsekeredwa kunja, chifukwa khomo lotere mbava sizivutika nalo.

Koma amene amalipira msamukowu ndani? Ndi banja limene lidagula kompyuta yogwiritsidwapo kale ntchito, limene limawerengera bandulo ngati mchere wa kumapeto kwa mwezi. Outlook yatsopano imadalira kwambiri intaneti, ndipo yaulereyo imakuikirani zotsatsa malonda pamwamba pa makalata anu. Nayo Google mu 2024 idachotsa tsamba lopepuka la Gmail limene linkatseguka ngakhale netiweki ikukwawa. Pa October 14 2025 Windows 10 idafika pamapeto, chonsecho makompyuta ambiri akale sakwanitsa zimene Windows 11 imafuna. Amene amakonza zinthuzi, ine ndikuona, saganizako za munthu wa pa Jenda kapena pa Lizulu.

Komabe kudandaula kokha sikungabweze kalata ndi imodzi yomwe. Chimene chimapweteketsa mabanja ambiri ndi kuganiza kuti pulogalamu, adiresi ndi makalata n'chinthu chimodzi. Ayi ndithu. Pulogalamu ili ngati nyumba ya lendi, makalata ndiwo katundu wanu. Nyumba mutha kusintha, koma muyenera kudziwa pamene katunduyo ali musanayambe kusamuka.

Nkhani yake ili motere. Pali njira ziwiri zimene pulogalamu imatengera makalata. Yakale imatchedwa POP. Iyi imakoka kalata n'kuiika mu kompyuta yanu, ndipo nthawi zambiri kumene yachokerako amaifufuta, monga momwe kalata imachokera m'bokosi la ku positi ofesi mukakaitenga. Inayo ndi IMAP, imene imasiya makalata kwa Google, Yahoo kapena Microsoft komweko, inu n'kumangowawerenga. Wa IMAP kompyuta ikafa amangogula ina, makalata n'kuwapeza ali chikhalire. Wa POP kompyuta ikafa, kapena mnyamata wokonza pamsika akaifomata, zonse zapita: malisiti a fizi, zithunzi za adzukulu zochokera ku Johannesburg, kalata yoitanira mwana ku intavyu, ngakhale mapepala a penshoni.

Ndipo sikuti wokonzayo ndi woipa mtima. Iye mwamuuza kuti kompyuta ikuchedwa, wachita zimene amadziwa. Outlook Express inkasunga makalata m'mafayilo othera ndi .dbx, obisika mkati mwenimweni mwa kompyuta, moti amene akukopera zithunzi ndi nyimbo zanu sawaona n'komwe. Outlook yatsopano siwatsegulanso mafayilo amenewa.

Kudziwa mbali imene muli n'kosavuta. Lowani mu imelo yanu pa foni kapena pa kompyuta ina, mufufuze kalata ya zaka zitatu zapitazo. Mukaipeza, mtima m'malo. Mukapanda kuipeza, dziwani kuti ili m'kompyuta ya pabalazayo mokha, ndipo musalole aliyense kuikhudza asanakopere makalatawo pa fulashi inu mukuona. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mapepala ofunika kwambiri asindikizeni, muwasunge m'chikwama chimene mumasungamo masatifiketi.

Amene Outlook yatsopano yawakanika asaganize kuti njira yatha. Pali Thunderbird, pulogalamu yaulere ya bungwe la Mozilla imene yakhalapo kuyambira 2004, ndipo maonekedwe ake sasiyana kwenikweni ndi zimene akuluakulu adazolowera. Adiresi yanu sisintha chifukwa choti mwasintha pulogalamu.

Msampha wina, umene ndi waukulu kuposa onse, ndi pasiwedi. Pulogalamu yakale idakhala ikukukumbukirirani kwa zaka, inu n'kuiwala. Yatsopano ikangofika, funso lake loyamba ndi lomwelo. Mukati mwaiwala, amatumiza nambala yachinsinsi ku foni imene idalembetsedwa potsegula adiresiyo. Apa ndiye pamagona nkhani, chifukwa m'mabanja ambiri adiresi ya bambo adatsegula ndi mwana, n'kuikapo nambala yakeyake. Lero mwanayo ali ku Joni, simu kadi ija adataya kalekale, mwinanso kampani ya foni idaipereka kwa munthu wina.

Inu achinyamata, apa mlandu ndi wanu. Kuthandiza makolo si kuwalanda mbewa ya kompyuta, kudinadina mofulumira n'kunena kuti zatheka. Khalani nawo pansi, adine okha, alembe pasiwedi m'kope lawo, ndipo nambala yolembetsedwa ikhale ya foni imene ili m'thumba mwawo. Muwachenjezenso kuti nyengo ya kusintha ngati ino ndi imene akuba amatumiza makalata onamizira kampani, ati dinani apa mulembe pasiwedi apo ayi bokosi lanu litsekedwa. Kalata yotere ndi yofufuta osayankha.

Amene muli ndi adiresi imene simudailowe kwa nthawi, musazengereze. Kuyambira December 2023, Google idadzipatsa mphamvu zofufuta akaunti imene yatha zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito, pamodzi ndi makalata ndi zithunzi zonse zili m'menemo.